Zida za airsoft kuno kuchigwa: yamba ndi maso ndi madzi, mfuti ibwere pambuyo

Aliyense amene wamva kuti kuno kuchigwa kuli kagulu kosewera airsoft funso lake loyamba limakhala lomwelo, achimwene ndigule mfuti yanji ndipo imafika mamita angati. Ine yankho langa silisintha, mfuti ndi chinthu chomaliza kugula. Utha kumabwereka ya mnzako kwa kanthawi ndithu osavutika, koma magalasi oteteza maso, nsapato ndi chonyamulira madzi, zimenezo zikhale zakozako, zokukwana iweyo. Nde ndati ndilembe zonse pamodzi kuti amene akufuna kulowa gemuyi asataye ndalama pa zinthu zomwe anaziona pa YouTube zitavalidwa ndi munthu wa ku Poland kapena ku Canada amene akusewera m'nkhalango yozizira, pomwe ifeyo tikusewera cha ku Nchalo mu Okotobala dzuwa likuswa mtengo, kutentha kukupitirira madigiri 40.

Kwa amene simukuidziwa, airsoft ndi masewero a matimu awiri owomberana ndi timipira tapulasitiki ta mamilimita 6 totchedwa BB. Anayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970 chifukwa kumeneko lamulo la mfuti zenizeni ndi lokhwima zedi, nde anthu okonda mfuti anayamba kupanga zongofanizira. Si mfuti ija ya mpweya yowombera mbalame ayi, ijayi imatulutsa chitsulo ndipo siyoti ungalozetse munthu. Komanso si paintball, pano palibe penti yoonetsa kuti wamenyedwa, BB ikakukhudza umakweza dzanja wekha nkukuwa kuti hit, nkutuluka. Gemu yonse yagona pa chilungamo cha munthu. Ine ndinaidziwira ku Johannesburg nthawi imene ndinkagwira ntchito kumeneko, ndipo pobwera kumudzi ndinaona msanga kuti theka la zomwe anzanga kumeneko ankavala kuno sizingatheke.

Tiyambe ndi maso chifukwa apa ndi pomwe sindinyengerera munthu, olo akhale mkulu wanga. BB ikakumenya pamkono umamva kuwawa, pamatuluka kachiphuphu, mawa lake waiwala. Ikakumenya m'diso ndi ulendo wa ku Queens ku Blantyre, kukwera phiri lonse lija utagwira kumaso, ndipo diso likawonongeka lawonongeka basi. Magalasi oyenera amakhala ndi chizindikiro chodindidwa pagalasi penipeni kapena pafelemu. A ku America amalembedwa Z87+ kuchokera ku muyezo wa ANSI Z87.1, ka + kameneko ndi kofunika chifukwa ndi komwe kakusonyeza kuti anayesedwa ndi chinthu chothamanga. A ku Ulaya amalembedwa EN166, ndipo pamenepo yang'ana chilembo B, chomwe chikutanthauza kuti anapirira kampira kachitsulo kothamanga mamita 120 pa sekondi. A chilembo F anayesedwa pa mamita 45 okha pa sekondi, amenewo ndi ochepa mphamvu pa gemu yathu. Magalasi a dzuwa apamsika aja asayerekeze nkomwe, amasweka ndipo zidutswa zake ndi zomwe zimalowa m'diso. A pa galainda ena ndi olimba inde koma m'mbali ndi pansi amasiya mpata, ndipo BB simabwera kutsogolo kokha, imagunda mtengo nkubwerera chammbali. Gula otseka mbali zonse, okhala ndi lamba wozungulira mutu.

Pali magalasi ena opanda galasi, amangokhala ndi waya wa sefa, ndipo ndikudziwa kuti kuno amakopa kwambiri poti mphepo imalowa ndipo sachita nthunzi. Ine pagulu pathu ndimawakana. BB yotchipa kapena ija yowola yokha ikagunda sefa imatha kuphwanyika, tizidutswa nkudutsa m'timabowo, komanso penti ya pawayapo imasupuka. Vuto la nthunzi lilipodi, makamaka Januwale ndi Febuluwale pomwe mpweya umakhala wachinyezi, ungothamanga pang'ono basi sukuonanso. Koma limatheka. Amene ali ndi ndalama agule a magalasi awiri ophatikiza kapena okhala ndi kafani kakang'ono pamwamba. Enafe timadontheza kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale mkati mwa galasi, kupaka ndi chala paliponse, kudikira kuti aume kenako kupukuta pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa mpaka kuwala, ndipo ukatero usakhudzenso mkatimo. Manga kansalu pachipumi kuti thukuta lisatsikire m'magalasi, ndipo chipewa chisatseke timabowo ta mpweya tapamwamba. Nthunzi ikakugonjetsa pakati pa gemu usavule, kweza dzanja, mnzako akutsogolere kunja kwa bwalo ukavulire konko. Amene wavula magalasi mkati mwa bwalo tsiku limenelo gemu yake yathera pompo, ndipo sitimukambira kawiri.

Mano nawo amathyoka. Kachophimba kukamwa ka sefa ndi kotchipa ndipo pamenepa sefa ndi yabwino chifukwa umapuma bwinobwino, bola kakhale kofika m'makutu. Ukakagula kapinde ndi manja kuti kagwire mphuno ndi chibwano, mbali ya tsaya yomwe umagoneka pathako la mfuti uyiphwatalitse, apo ayi sudzatha kuyang'ana bwino polozetsa. Chipewa cholimba chija chankhondo kuno nchosafunika, chipewa cha khonde chansalu chikukwana, chimatchinga dzuwa pakhosi ndi m'makutu.

Tsopano madzi. Munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje safunika kuuzidwa za kutentha, koma kuyenda pa kabaza padzuwa ndi kuthamanga utavala zophimba kumaso, malaya aatali ndi katundu pachifuwa nzosiyana kwambiri. Chinthu choopsa kwambiri pabwalo pathu si BB, ndi dzuwa. Chikwama cha madzi chakumsana chokhala ndi kapaipi, cha malita 2 kapena 3, ndi chinthu chachiwiri kugula pambuyo pa magalasi. Ubwino wake umamwa ukuyenda osavula chilichonse, ungolowetsa kapaipi pansi pa sefa ija. Botolo limachedwetsa, munthu amati ndimwa gemu ikatha, pomwe ikutha mutu wayamba kale kuwawa. Kapaipiko kadutse phewa lomwe sugonekapo mfuti, ndipo ukamaliza kumwa uziuzira madzi otsalira abwerere m'thumba chifukwa okhala m'paipi amatentha msanga. Tonse tikudziwa kuti mijigo yambiri kuno madzi ake ndi amchere, nde tunga komwe mumatunga akumwa, ndipo pobwera kunyumba tsuka thumbalo nkulipachika chotsegula kuti liume, ukalisiya lonyowa m'kutentha kuno limachita nkhungu zakuda m'paipi. M'thumbamo musalowe sobo kapena thobwa, madzi okha. Mapaketi a Thanzi timasunga mu chikwama cha gulu pamodzi ndi mabandeji. Ukaona mnzako wayamba kuyankha zosagwirizana, akudzandira, akuti mutu kapena mseru, imitsani gemu, mukhazikeni pamthunzi, mumuvule zonse zija nkumuthira madzi pathupi, ndipo akapanda kutsitsimuka msanga thamangirani naye kuchipatala osadikira. Nchifukwa chake miyezi ya Okotobala ndi Novembala timayamba kukangocha, ikamakwana 10 tatseka, kapena kudikira dzuwa lipendeke.

Nkhani yomwe timakangana kwambiri ndi anyamata ndi ya chovala pachifuwa. Aliyense amafuna plate carrier chifukwa pachithunzi imaoneka bwino, sindikutsutsa. Koma chinthucho anachipangira asilikali kuti chizinyamula mbale zotchinga zipolopolo zenizeni, kutsogolo ndi kumbuyo, nde chimatseka chifuwa chonse ndi msana wonse ndi nsalu yanayiloni yokhuthala yosadutsa mphepo. Iwe ulibe chipolopolo choti utchinge, ukungonyamula kutentha. Kuno chomwe chimagwira ntchito ndi chest rig, kathumba kamodzi kopingasa pamimba kokhala ndi malamba a m'mapewa, msana nkukhala poyera kuti pakhale chikwama cha madzi chokha. Kapenanso lamba wa m'chiuno wokhuthala wokhala ndi timatumba tiwiri titatu, amenewo ndi opepuka kuposa zonse. Malamba a m'mapewa alipo odutsana kumsana ngati chilembo X ndi ena a H, kwa ine a H ndi abwino chifukwa a X aja amakhula m'khosi thukuta likayamba, koma munthu wowonda wa mapewa aang'ono X imamugwira bwino osatsetsereka.

Ndipo chest rig sikuti mpaka ichokere kunja. Timalamba tija tosokedwa m'mizere pazida zimenezi ndi tomwe amati MOLLE, asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito cha m'ma 1997, ndipo muyezo wake ndi wosavuta. Lamba aliyense ndi wa mamilimita 25 m'lifupi, pakati pa mzere ndi mzere pamatsala mpata wa mamilimita 25, ndipo amasokerera modula pa mamilimita 38 aliwonse. Basi. Telala wodziwa kusoka zikwama za sukulu kapena matenti ukamupatsa manambala amenewa amakupangira. Yanga anandisokera bambo ena achikulire apakhonde la sitolo, ndinawatengera chikwama chakale chapakaunjika cha nsalu yolimba kuti tichotsepo malamba ndi zomangira zapulasitiki, ndi magazini imodzi, kabokosi kosungiramo ma BB kolowetsa m'mfuti, yoti ayezere. Anaitembenuza m'manja kangapo, kuyeza ndi tepi, kujambula ndi choko pansalu, kenako anati mwana wanga, apa pokokedwa kwambiri tibwereza ulusi kanayi, ulusi wake ukhale wa nsapato osati wa malaya. Mpaka lero sinatothoke. Ukapita kwa telala tenga magazini yeniyeni yomwe uzigwiritsa ntchito, chifukwa ya mfuti ya mtundu wa M4 ndi ya AK nzosiyana, ya AK ndi yopindika ndipo ili ndi kamlomo komwe kamakola nsalu kathumba kakathina.

Pomangirira kathumba pa MOLLE ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amangolowetsa lamba wa kathumba kuseri kwa mizere yonse ulendo umodzi nkutseka batani, nde pothamanga kathumba kamangogwedera. Kamangidwe kake nkofanana ndi kuluka mkeka, lamba alowe mzere umodzi wa pachovala, atuluke alowe mzere wa kuseri kwa kathumba, abwererenso pachovala, choncho mpaka pansi, kenako ndi pomwe utseke. Zala zimawawa ndithu, ena amathandizira ndi chogwirira cha supuni, koma ukamaliza kathumba kamakhala nganganga.

Kayalidwe kake ganizira dzanja lomwe limasintha magazini. Ngati umawombera ndi lamanja, magazini azikhala pakati kupita kumanzere, onse atayang'ana mbali imodzi kuti dzanja lizolowere osayang'ana. Paphewa lamanja pasakhale kanthu, olo kathumba ka foni, pamenepo ndi pogona mfuti. Usasanjikize timatumba pamwamba pa tinzake kutsogolo chifukwa ukafuna kugona chafufumimba kuseri kwa chulu uzikhala ngati wakwera pamwamba, mutu uli poyera. Kumbuyo kwa chiuno chakumanzere ika kathumba kotseguka koponyamo magazini otha, kuti usamataye nthawi kuwabwezera m'malo mwake. Timatumba totseguka pamwamba ndi tachangu koma fumbi la kuno la mu Seputembala limalowa pakamwa pa magazini nkukafika m'mfuti, choncho ine ndimalowetsa magazini chozondoka, kamwa pansi, ndipo pokwawa ndimakonda tokhala ndi chotsekera. Ukamaliza zonse vala, thira madzi m'chikwama, dumpha kangapo, thamanga, gwada, gona pansi. Chomwe chikulira kapena kugwedera chikonze kunyumba konko, malamba otsala lendelende uwapinde nkumanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Magazini nawo alipo mitundu. Hi-cap imalowa ma BB pafupifupi 300 koma imafuna uzipukusa kawilo kapansi ndipo poyenda imachita phokoso, mdani amakumva uli patali. Mid-cap imalowa cha m'ma 120, ili ndi sipulingi, ndi yachete ndipo imadyetsa bwino. Woyamba kumene hi-cap imodzi yobwera ndi mfuti imukwanira, akazolowera agule ma mid-cap atatu kapena anayi. Akatha masewero uwakhuthule kuti sipulingi ipume.

Zovala, apa ndimvereni bwino abale anga. Osavala zamawangamawanga zachisilikali. A MDF akhala akuchenjeza anthu wamba kuti asamavale zovala zofanana ndi yunifomu yawo, ndipo olo pakanapanda chenjezo limenelo, tangoganizani mayi akuchokera kudimba akumana ndi anyamata asanu ovala zachisilikali, kumaso kophimba, atanyamula zinthu zooneka ngati mfuti. Kudera kuno komwe anthu anatopa ndi akuba ng'ombe, mfuu ikangomveka palibe amene adzakufunse kuti ndi pulasitiki kapena ayi. Valani za mtundu umodzi, khaki, zotuwa kapena zobiriwira mozimiririka. Ndiponso kunena zoona nthawi yachilimwe tchire lathu limakhala lofiirira, udzu wouma ndi mitengo ya tsanya itayoyola masamba, khaki wamba amabisa bwino kuposa mawanga obiriwira a ku Ulaya aja. Zakuda zimakoka dzuwa ndipo zimaonekera patali. Pakaunjika pamapezeka mathalauza a ntchito ndi malaya opepuka a manja aatali, amenewo ndi omwe, manja aatali chifukwa cha minga ndi chitedze, amene chinamugwirapo akudziwa. Matimu timasiyanitsa ndi tinsalu tomanga pamkono, ena tachikasu ena tabuluu, ndipo aliyense amasunga kansalu kofiira m'thumba koika pamutu akamenyedwa kuti asamuwomberenso akutuluka.

Nsapato zikhale zogwira akakolo. Dothi la makande la cha ku Ngabu likauma limang'ambika ming'alu yoti phazi limalowa, ukuthamanga maso ali kutsogolo, kubinya mwendo sikuchedwa. Mvula ikagwa lomwelo limamata kuphazi mpaka kulemera. Palinso njoka ndi zinkhanira m'maudzu ndi m'zitsa, nde masilipasi ndi timasapato tansalu ayi. Majombo a mphira amawotcha ndipo phazi limasambira mkati. Nsapato zokwerera mapiri zapakaunjika ndi zabwino koma zambiri guluu wake anakalamba, zikaponda mchenga wotentha soli imasupuka, choncho ukagula pita nazo kaye kwa osoka nsapato azizungulize ulusi usanazivale. Thalauza ulilowetse m'sokosi chifukwa cha nkhupakupa malo odyetsera ng'ombe. Magulovesi opyapyala a amakaniko akukwana, BB ya pachala imawawa kuposa pena paliponse. Zoteteza mawondo ngati ulibe vala chimodzi pabondo lomwe umagwadira.

Chabwino, tifike pa mfuti. Zilipo za sipulingi zokoka ndi dzanja kuwombera kulikonse, za gasi, ndi za batire zomwe amati AEG, zimene kampani ya Tokyo Marui inayambitsa mu 1991. Kuno ine ndimati AEG basi. Za gasi zimakoma pozigwira koma gasi wake, yemwe amati green gas, ndi propane wosakaniza ndi mafuta a silikoni, kukatentha mphamvu yake imakwera, mfuti yomwe m'mawa imawombera bwino masana imapitirira muyezo ndipo timphira tamkati timayamba kudontha, kuonjezera apo zitini zake sizikwera ndege nde kuzipeza ndi ntchito. AEG ya mtundu wa M4 ndi yomwe zipangizo zake zimapezeka kwambiri, bokosi la magiya lake ndi lomwe amati Version 2, la AK ndi Version 3. Pagulu mukagwirizana mtundu umodzi mumabwerekana magazini ndi zosinthira, zomwe ndi zofunika kwambiri poti sitolo yake kuno kulibe.

Za mphamvu, anyamata amakonda kufunsa FPS, liwiro la BB loyezedwa mu mafiti pa sekondi, ngati kuti yochuluka ndiye yabwino. BB ya magalamu 0.20 ikamathamanga mamita 100 pa sekondi, omwe ndi 328 FPS, mphamvu yake ndi joule imodzi. Mabwalo ambiri kunja amalola pakati pa 350 ndi 400 FPS poyeza ndi BB yomweyo ya 0.20. Ife tinagwirizana 350, ndipo tinasonkherana kugula kamakina koyezera kamodzi ka gulu lonse, mfuti iliyonse imadutsa pamenepo isanalowe. Mtunda sumachokera ku FPS yokha, umachokera ku hop-up ndi BB yabwino.

Hop-up ndi kamphira kali kumayambiriro kwa paipi yamkati, kamakhudza BB pamwamba kuti izizungulira chobwerera m'mbuyo, kuzungulira kumeneko ndi komwe kumainyamula kuti isagwe msanga. Poikonza imika katoni pa mamita 30 m'mawa mphepo isanayambe, kumbuyo kwake kukhale chulu kapena khoma osati njira ya anthu. Tsegula kachitseko ka pambali, bweza kawilo mpaka kumapeto, wombera, uona BB ikugwera pansi isanafike. Pukusa pang'ono, womberanso, pang'ononso, mpaka uione ikuyenda mowongoka nthawi yaitali kenako nkugwa mofatsa. Ikayamba kukwera m'mwamba kumapeto wapyoletsa, bweza pang'ono, ndipo ukathinitsa kwambiri BB imatsamwa m'paipi nkuthyola magiya. Ukasintha kulemera kwa BB uyambirenso. Ukamaliza hop-up ndi pomwe ukonze red dot, kagalasi kolozetsera kokhala ndi kadontho kofiira, osati kuyamba ndi red dot. Ndipo AEG wamba imamenya bwino mpaka mamita 40 kapena 50, nde chi sikopu chachikulu chokuza zinthu ndi katundu chabe, ka red dot kotchipa nkokwanira, kutsogolo kwake uikeko kapulasitiki kolimba kotchinga chifukwa BB imodzi imaswa galasi lake. Tochi njosafunika poti sitisewera usiku, leza imawononga maso a anzako, zonsezo zisiye. Chomwe ndingati gula ndi lamba wa mfuti womangirira malo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti manja azipuma ndipo mfuti isamamenye mawondo.

Ma BB a 0.12 obwera ndi tizidole aja osaika mu AEG, ndi opepuka, ali ndi msoko ndipo amasweka mkati. Kuno poti timasewera poyera ndipo mwera ukayamba umakankha BB, 0.25 kapena 0.28 ndi omwe amagwira njira. Paketi ya kilogalamu imodzi ya 0.25 mumakhala ma BB 4,000. Yomwe yagwa pansi yapita, osatola, mchenga wake umakala paipi ndi kamphira. Ine ndimalimbikitsa owola okha aja opangidwa ndi PLA chifukwa malo omwe timasewera ndi a eni ake, mawa kubwera mbuzi ndi nkhuku, ngakhale nawonso amatenga nthawi kuti athe. Amenewa amayamwa chinyezi nkufufuma, nde asunge m'botolo lotseka bwino pamthunzi.

Batire ndi chinthu china chomwe kutentha kwa kuno kumachivuta. Batire ya mtundu wa LiPo ya 7.4V ndi yokwanira, ya 11.1V imathamangitsa mfuti inde koma imadya magiya, ndipo ngati mulibe MOSFET, kachipangizo koteteza tiriga ku magetsi, imawotcha timawaya ta pa tiriga. Selo iliyonse ya mkati mwa batire ikadzadza imafika 4.2V, isatsike kufika pa 3.0V, ukangomva mfuti yayamba kulira mwaulesi siya pompo sintha. Ngati ikhala osagwira ntchito selo iliyonse uisiye pa 3.8V. Osaisiya m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata masana, ndipo ikatupa yatha ntchito, osayesa kuiboola. Potchaja gwiritsa chaja yoyezera selo iliyonse payokha, ikani batire mumphika wadothi wokhala ndi mchenga pansi, pasimenti, kutali ndi matilesi ndi neti, ndipo ukhale pompo, osatchaja ukugona chifukwa moto wa LiPo ndi woopsa. Machaja a mtundu wa iMAX B6 amalandira magetsi a 12V, choncho magetsi akathima umatha kulumikiza ku batire ya sola. Amene akuona kuti zonsezi zamuchulukira atenge NiMH ya 9.6V, ndi yolemera koma imapirira nkhanza. Pulagi ya Tamiya yoyera ija imakhwepa, ukapeza wodziwa kuwotcherera mawaya akusinthire ya Deans. Gemu ikatha chotsa batire m'mfuti.

Fumbi likalowa tsuka paipi yamkati ndi kandodo kotsukira ndi kansalu koyera, hop-up utaimasula kaye. Mafuta ndi a silikoni okha ndipo pang'ono. Oyilo wa injini, girisi wa njinga kapena mafuta a makina osokera amadya mphira.

Mawailesi olankhulirana anyamata amawafuna, koma mafunde a wailesi ali m'manja mwa MACRA, si ongotsegula nkuyamba kulankhula, ndipo bwalo lathu ndi laling'ono, mawu ndi wezulo zikukwana.

Chomwe ndimachiwerengera ngati chida chenicheni ngakhale ambiri sachiganizira ndi chikwama chonyamulira mfuti, chotseka ndi zipi, choti munthu asaone ngakhale nsonga. Mfuti za airsoft zimafanana kwambiri ndi zenizeni, wapolisi kapena mlonda ali patali sangasiyanitse ndipo alibe nthawi yoti afunse. Usanaitanitse chilichonse pita kupolisi ya kwanu ukafotokoze nkufunsa, za pachipata cholowera m'dziko ufunse a MRA, zomwe akuuze ndi zomwezo, akakana usakakamire kapena kuzembetsa. Ngati yabwera ndi nsonga ya olenji, yomwe ku America ndi lamulo pogulitsa, isiye choncho osaipenta. Poyenda magazini ikhale yochotsa, batire yochotsa, zonse m'chikwama, ndipo ukafika pa rodibuloko ngati ya pa Thabwa nena wekha zomwe wanyamula asanatsegule, manja ako ali poonekera. Pa kabaza kapena mu minibasi osatulutsa kuti uonetse anzako. Zithunzi zoloza kamera ndi mfuti pa Facebook nazo zisiyeni, zimapereka chithunzi cholakwika cha gulu lonse.

Malo osewerera tinayamba kukapempha kwa anyakwawa ndi mwini malo, tinawaonetsa zida, kuwapatsa BB m'manja kuti aione, ndipo tsiku lililonse losewera timawadziwitsa dzulo lake kuti auze anthu. Kufupi ndi Lengwe, Majete kapena Mwabvi osayandikira nkomwe, kumeneko kuli alonda a nyama okhala ndi mfuti zenizeni amene ntchito yawo ndi kusaka opha nyama mozemba, ndipo Majete chiyambire 2003 pomwe bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa, chitetezo chake ndi chokhwima. Minda ya nzimbe ili ndi eni ake ndi alonda ake. Cha kumalire ndi Mozambique, ku Marka ndi kwina konse, ayinso. Ndipo mfuti zimenezi si zowombera mbalame, agalu kapena mbuzi za anthu, amene wachita zimenezo pagulu pathu timamuchotsa.

Ana ndiye amabwera, sungawaletse, akangomva phokoso amatulukira mbali zonse. Nde timamanga chingwe ndi tinsalu kuzungulira bwalo, oonerera amakhala patali kuseri kwa malo opumira, ndipo munthu mmodzi sasewera, ntchito yake ndi kuyang'ana malire ali ndi wezulo pakamwa, timasinthana gemu iliyonse. Wezulo ikalira katatu aliyense amaloza mfuti pansi nkuima pomwe ali, kaya ndi mwana wolisha mbuzi wadutsa, kaya ndi agogo akuchokera kotola nkhuni, timadikira mpaka atuluke ndipo mmodzi amapita kukawaperekeza. Pamalo opumira magazini imachoka, umawombera kawiri pansi kuti BB yotsalira ituluke, kenako kuvala kathumba kansalu kunsonga ya mfuti, tomwe telala yemwe uja anatisokera ndi zotsala za nsalu. Magalasi apadera timasunga awiri m'chikwama cha gulu, a woyang'anira malire ndi a mlendo amene wabwera kudzayesa, ndipo wosakwana zaka 18 timafuna abwere ndi kholo lake lidzaone lokha tisanamupatse chilichonse m'manja.